Msoko wa M'khwapa

Pamzere wodikira basi, mayi wina, telala, ankadandaulira mayi wovala diresi lobiriwira amene anangokumana naye pomwepo.

"Ndinatsegula kagulu ka atelala pa intaneti, tinalimo khumi ndi awiri basi. Pofuna kuti tichuluke, ndinakaitana anthu kumasamba akuluakulu a pa intaneti pomwepo, n'kuwalonjeza kuti ndiwaonetsa kadulidwe kanga ka manja a diresi."

"Ndiye sanabwere?"

"Anabwera mazana atatu, koma ngakhale moni sanapereke. Anakopera zithunzi zanga, n'kutuluka tsiku lomwelo, n'kukaziika komwe ndinawatenga kuja ngati nzeru zawo. Tatsala khumi ndi awiri omwe aja."

"Pepani, anthu alibe manyazi. Telala wanga sangatero, masitayilo amapeka yekha."

"Takwezani mkono ndione. Mayi, msoko wa m'khwapawu ndinauvutikira miyezi inayi ine. Mukamuuze abwere adzapereke moni."