Pulofesa Sanadye

Mkulu wanga anatisiyira nsapato zosakwana aliyense, bokosi lakuda la magemu pansi pa TV, ndi galu wa m'gemu dzina lake Pulofesa, amene bambo analonjeza kuchipatala kuti azimudyetsa m'mawa uliwonse. Bokosilo litasiya kuyaka, bambo analikulunga m'thaulo n'kunditenga kupita kwa mmisiri wokonza mafoni ndi makompyuta kuseri kwa siteji ya basi, munthu woti ukamufunsa kuti "muli bwanji" amayamba wadzigwira pamphumi asanayankhe.

"Amisiri, changu!" anatero bambo, akuika thaulo pa kauntala ngati khanda. "Muli galu umu."

Mmisiri anabwerera m'mbuyo n'kutola tsache. "Amaluma?"

"Saluma. Ndi waulemu."

Mmisiri anafunyulula thaulo ndi nsonga ya sikuludalaiva. Analiyang'ana bokosilo, analinunkhiza, kenako analigwedeza pafupi ndi khutu.

"Iii, musamugwedeze! Sanadye!"

"Bambo, ili ndi bokosi la magemu."

"Ndanena kuti ndi firiji?"

"Mwanena kuti muli galu. Sanadye kuyambira liti?"

"Mwezi ukutha."

"Galu wosadya mwezi akanakhala akununkha. Ili likungonunkha fumbi."

"Ndi galu wa m'gemu," ndinatero ine. "Ndipo ndakhala ndikuwauza kuti..."

"Iwe khala chete," anatero bambo osatembenuka. "Koleji unaisiya panjira, usayambire pano kuphunzitsa. M'nyumba mwanga pulofesa ndi mmodzi, ndipo ali ndi mchira."

Ndinakhala pa kireti ya mabotolo, chikwama changa pamiyendo. Mmisiri anayamba kumasula zomangira. Bambo anavula chipewa n'kuphimba nacho maso.

"Mukumuona?"

"Ndikuona fani, fumbi, ndi mphemvu imodzi."

"Yamoyo?"

"Inatisiya kalekale. Ngati mumadyetsa iyi, pepani kwambiri."

"Amisiri, ine sindinabwere kudzaseka."

"Inenso sindikuseka, bambo. Bolodi la magetsi la m'katimu lapsa. Onani apa pakuda."

"Likonzeni."

"Chopsa sichikonzedwa, chimasinthidwa."

"Ndiye sinthani, nanga mukudikira mvula?"

"Anasiya kupanga. Masiku ano makampani safunanso kuti mukwatirane ndi bokosi. Amafuna mukhale ndi akaunti. Gemu yomweyo mukhoza kuyiyamba pa TV, kuyipitiriza pa kompyuta, kukayimaliza pamzere wa kuchipatala. Gemu imatsata munthu, sitsata bokosi."

"Munthu wakeyo kulibe," anatero bambo.

Panja kondakitala wina anali kukuwa kuti mwatsala malo awiri. Mmisiri anakanda m'mutu ndi sikuludalaiva.

"Akaunti sidziwa zimenezo," anatero.

Bambo anavalanso chipewa. "Chabwino. Galu ali kuti?"

"Pa makompyuta a kampani."

"Kuti?"

"Kutali. Mwina kunja kwa dziko."

"Kunja! Ine ndayendetsa basi mpaka tsitsi kuyera osawoloka malire ngakhale kamodzi, galu wapita kunja? Pa pasipoti ya ndani?"

"Sanapite. Sanakhalepo muno chiyambire."

"Ndiye m'mawa uliwonse ndinkadyetsa ndani?"

"Galu."

"Ali kuti?"

"Kunja."

"Mbale ndinkaiona pati?"

"Pa TV."

"TV ili kunja?"

Mmisiri anasuzumira kumbuyo kwa bambo. "TV ili kwanu, pokhapokha ngati mwabwera nayonso."

Bambo anazungulira kamodzi pamalo pomwepo, manja m'chiuno. Mmisiri anaona kuti pafunika njira ina.

"Mwati munali dalaivala. Basi ikafera panjira, okwera amatani?"

"Amatukwana."

"Akamaliza kutukwana?"

"Amafuna ndiwabwezere."

"Akamaliza zimenezo?"

"Amakwera ina."

"Eya! Basi yafa, ulendo sunafe. Galu wanu akwere ina."

"Galu saloledwa m'basi."

"Ndi chitsanzo, bambo."

"Chitsanzo chophwanya malamulo sindichilandira."

Mmisiri anatsegula kabati ya galasi n'kutulutsa kanthu kotalika ngati dzanja ndi theka, sikirini pakati, mabatani uku ndi uku.

"Basi ina ndi iyi. Musakaone kuchepa, aka ndi kompyuta yathunthu. Magemu a pa bokosi, a pa kompyuta, onse amalowa umu. Mukalowetsa akaunti, galu atulukira apa."

"Pulofesa ndi wamkulu ngati mbuzi. Ali ndi bwalo, ali ndi khola, ali ndi mtengo wake wokodzapo. Zonsezo zilowe m'kanthu kofanana ndi sopo?"

Mmisiri anatulutsa tepi. Anayeza kanthuko, anayeza bokosi, anayang'ana kudenga akuwerengera.

"M'bokosi lanunso mbuzi singalowemo."

"Mwana wanga anailowetsa!"

"Mbuzi?"

"Galu!"

"Ndiye alowanso umu."

"Bwezerani m'kabati kameneko," anatero bambo, ndipo mawu awo anatsika mwadzidzidzi. "Ndimakadziwa. Mwana wanga anali nako kotere. Pa bokosi ili ankasewera ali ndi masaya, miyendo pa tebulo, akukuwa mpaka amake kumuponyera pilo. Kameneko anakagwira ali pabedi la kuchipatala, manja ataonda ngati mawaya anuwa. Sindifuna kukaonanso. Konzani bokosi."

Mmisiri anabweza kanthuko m'kabati mwaulemu. Anatseka. Kenako anafunsa, popeza kwa iye funso likabadwa liyenera kutuluka.

"Nanga kake kaja kali kuti?"

"Ndinamuuza uyu akataye."

Onse awiri anandiyang'ana. Ine ndinakumbatira chikwama mwamphamvu, ndipo chigongono changa chinadina pamene sichinayenera kudina.

"Hu! Hu!" chinatero chikwama.

Bambo anaweramitsa mutu pang'onopang'ono. "Iwe. Chikwama chako chauwa."

"Ndi m'mimba, bambo."

"Mimba siuwa," anatero mmisiri. "Imalira. Chimenecho ndi sipika."

"Hu!"

"Tulutsa."

Ndinakatulutsa. Kanali ndi kachomata ka nyenyezi kamene mkulu wanga anamata pakona, ndi mng'alu umene unabwera tsiku limene kanagwa pabedi. Ndinakaika pa kauntala. Bambo anayang'ana kukhoma, koma diso limodzi linawapandukira.

Pa sikirini panali bwalo, khola ndi mtengo. Pakati pa bwalo panagona chinthu chozungulira ngati mgolo, chitavala juzi yofiira.

"Uyu si Pulofesa," anatero bambo. "Pulofesa ali ndi chiuno."

"Dzina lalembedwa pamwambapa," anatero mmisiri. "Pulofesa."

"Aliyense akhoza kudzitcha pulofesa masiku ano."

"Khutu lakumanzere, bambo," ndinatero.

Anawerama mpaka mphuno kugunda galasi. Khutu linali lopindika monga lakhalira nthawi zonse. Galu anayesa kudzuka, anagubuduka, n'kuyamba kugwedeza mchira ali chagada.

"Mayo ine! Wamuchita chiyani galu wa mkulu wako?"

"Ndimangomudyetsa. Kamodzi patsiku. Bokosi litafa ndinayamba kawiri, kuti gawo lanu lisapite pachabe."

"Kawiri sanganenepe chonchi," anatero mmisiri, akuyeza galu pa sikirini ndi tepi. "Uyu akudya ngati kuli ukwati tsiku lililonse. Pakhomo la khola sangalowenso. Onani, khomo ndi ili, galu ndi uyu."

"Nanga juziyi?" anafunsa bambo. "Waveka ndiwe?"

"Ayi. Ndimaona ngati imabwera yokha ndi gemu."

Tikulankhula choncho, mbale ya galu, imene inali yopanda kanthu, inadzaza yokha. Palibe amene anagwira batani. Pamwamba pa chakudyacho panagweranso fupa.

Bambo anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda shelefu ya machaja. Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

"Mwana wanga," ananong'ona.

"Ayi," anatero mmisiri. "Ndi munthu wina amene ali ndi pasiwedi ndi netiweki."

"Mukudziwa bwanji kuti kumeneko kulibe netiweki?"

Mmisiri analingalira nkhaniyo moona mtima. "Sindinapiteko."

"Ndiye khalani chete!"

Pagalasi panagweranso fupa lachiwiri. Kenako pamutu pa galu panatera kachipewa ka ubweya, kofiira ngati juziyo. Bambo anatsinzina diso limodzi. Anayang'ana panja pamene dzuwa linali kusungunula phula, anayang'ananso kachipewa ka galuko.

"Dikirani," anatero. "Padziko lonse pali munthu mmodzi yekha amene angaveke cholengedwa juzi kukutentha chonchi."

Anatulutsa foni, anaimba, n'kuika pa sipika.

"Amake ana, muli kuti?"

"Ku ofesi, nanga ndingakhalenso kuti?" anayankha amayi. "Fulumirani, ndili pa ntchito yofunika."

"Hu! Hu!" inatero ofesi.

"Hu! Hu!" inavomera kauntala.

"Kodi ofesi yanu yalemba galu ntchito?"

Amayi anatsokomola chitsokomolo chawo cha pamsonkhano.

"Mumayesa sindinaone kuti bokosi lanu linafa? M'mawa uliwonse mumakhala patsogolo pa TV yakuda, zogwirira m'manja, mukunamizira kudina. Ndinangoti ndimupatse gawo langa, gawo lanu, ndi lina la chisoni."

"Gawo lanu? Mwana anauza ine! Anandigwira dzanja, anati, 'Bambo, nkhani ya Pulofesa ndasiyira inu nokha, ena aja ndi oiwala.'"

"Ine anandiikira gemuyo pa kompyuta ya kuno asanagonekedwe," anatero amayi. "Anati, 'Amayi, inu nokha, bambo ndi ouma mutu.'"

Onse anandiyang'ana, ngakhale foni ndinamva ikundiyang'ana.

"Ine anati ine ndekha," ndinatero. "Anati akuluakulu sadziwa mabatani."

Amayi ndi amene anayamba kuseka. Anaseka mpaka tinamva mpando ukukwekwereka, mpaka kusekako kunasanduka china, n'kubwereranso kukhala kuseka. Bambo anakhala pa kireti yanga, mapewa akugwedezeka, akupukuta maso ndi chipewa.

"Kamberembere!" anatero. "Ali pabedi, mapaipi m'mphuno, akutilemba ganyu tonse atatu pa galu mmodzi!"

"Pamenepo palibe cholakwika," anatero mmisiri. "Akaunti imalola zipangizo zingapo."

"Inu amisiri, munabadwa kapena anakumangani ndi zomangira?"

"Ndinabadwa, bambo."

Bambo anadula foni atalamula amayi kuti asaponyenso fupa lina mpaka tikakambirane kunyumba. Anaimirira. Anayang'ana kanthu kaja pa kauntala nthawi yaitali, manja ali kumbuyo ngati munthu woopa mbaula. Kenako anakanyamula. Zala zawo zazikulu zinakatera pamene penti inasupuka, pamalo pomwe zala za mkulu wanga zinadya. Anazisiya pomwepo.

Pulofesa anakwawa mpaka pagalasi n'kulinyambita.

"Wanenepa ngati bwana," anatero bambo. "Amayenda bwanji? Afunika kuyenda uyu."

"Kankhani kandodo aka kutsogolo," anatero mmisiri. "Ayi, pang'ono, mwamugunditsa mtengo. Eya. Mukhoza kuyenda naye kulikonse. Pakhonde, pamzere, m'basi."

"Galu saloledwa m'basi."

"Uyu salipira n'komwe."

"Ndiye akwera."

Mmisiri anatseka bokosi lija, mphemvu anaichotsa. "Nanga ili? Ndikalitaye?"

"Mutaye chiyani? Munthu akasamuka mumagwetsa nyumba?" Bambo analikulunganso m'thaulo n'kundisenzetsa. "Nyamula, iwe wodziwa mabatani. Libwerera pansi pa TV."

Iwo analowetsa Pulofesa m'thumba la jekete, theka lili kunja, n'kuyamba ulendo wa kukhomo mwa mayendedwe awo a kale aja, amene tinali tisanawaone chichokereni kuchipatala, jekete likuuluka uku ndi uku, thumba likumenya ntchafu.

Mmisiri anaponya tepi pansi, anazungulira kauntala akuthamanga, manja ali m'mwamba.

"Pang'onopang'ono, bambo! Musamugwedeze, wangodya kumene!"

Bambo anaima pakhomo. Anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kupukusa mutu mwachifundo.

"Amisiri, mwatani kodi? Galuyu ali kunja."