Makutu a Bambo Anga

Ine, Aubrey Penhale, wa zaka 15, wa ku msasa wa njanji wa Dunmore Gap, mwana wa sukulu, ndikunena izi:

Lachinayi pa 9 Ogasiti 1888 kunacha ndi chifunga ndi mvula yowaza. Pampu yopopa madzi inkamveka kukamwa kwa mphanga.

Mphanga ya sitimayi ikubooledwa kuchokera mbali ziwiri za phiri. Bambo anga, a Josiah Penhale, amaphulitsa wonga kum'mawa. Achimwene anga a Silas ankakumba kumadzulo. Pakati panatsala thanthwe la mayadi atatu. Asanayatse chingwe cha wonga, wophulitsa amagogoda thanthwelo ndi nyundo n'kutchera khutu. Ngati kutsidya kuli anthu, amagogoda poyankha, ndipo iye amadikira.

A sajeni a polisi akuti bambo awauza kuti makutu awo amamva bwino. Samva, wonga unawagonthetsa. Ankabisa poopa kuchotsedwa ntchito. Chiyambire Epulo ndinkalowa nawo m'mawa ngati wowanyamulira chakudya, koma woika khutu pathanthwe ndinali ine.

Tsikulo cha m'ma 7 koloko kapitawo, a Costigan, anatipeza mkati. Anati, "Penhale, wayamba kuyamwitsira mwana muno? Iwe, kusukulu!" Anthu anaseka. Ananenanso kuti mbali yoyamba kuboola ilandira mbiya ya mowa, ndipo sangalole kuti a kumadzulo aimwe. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Pita, mwanawe."

Onse anatuluka, kutsala bambo okha. Ine ndinayenda mayadi ngati makumi asanu n'kubisala m'mphako ya m'khoma. Ndinamva nyundo ya bambo. Ndinaika khutu pakhoma. Yankho linabwera, chapansipansi. Ndinathamangira mkati ndikukuwa, koma ndinakumana nawo akutuluka, atayatsa kale chingwe. Anandigwira malaya n'kundigwetsa pansi, iwo pamwamba panga. Kunaphulika.

Utsi utachepa tinaona nyali za kutsidya kudzera pabowo, ndipo munthu ankaitana dzina la achimwene.

Madzulo a Costigan anabwerera kunyumba kwawo. Amuna anayi a kumadzulo anabwerera akuyenda okha, mmodzi atamangidwa nsalu kumutu. Achimwene anabwera atanyamulidwa pa chitseko, atafunditsidwa chiguduli mpaka kumaso, ndipo amayi anauza owanyamulawo kuti awagoneke patebulo. Bambo sanabwere. Ali m'chitokosi kuseri kwa ofesi ino.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi.

Wosaina: Aubrey Penhale