Mlongo Wathu Anasenzera Amuna Awo Manyazi

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala chaka cha 1985, m'banja la ana asanu, iwo ali achitatu. Ine ndaima panoyu ndine mlongo wawo wamkulu. Pepala limene andipatsa kuti ndiwerenge ndi lalifupi kwambiri, ndiye mundilole ndiwonjezepo zimene zasiyidwa. Ndikapanda kuzinena lero, sizidzanenedwanso.

Malemu anayamba sukulu mu 1992 ndipo anamaliza fomu folo mu 2004. Mu 2006 anatsiriza maphunziro a zosokasoka, n'kukhazika makina awo pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi pokwerera basi. Ambiri munkangowatchula kuti Atelala. Tepi m'khosi, choko kukhutu, mapini pakamwa, koma nkhani osadukiza. Ife alongo awo akamatiyeza ankatinena kuti mimba zathuzi zikuwathera nsalu.

Pa 22 Ogasiti 2009 anamanga banja ndi alamu athu, dalaivala wa galimoto za katundu. Patapita zaka zitatu popanda mwana, mawu anayamba. Apongozi awo akafika pakhomo ankayamba kuyang'ana pamimba, moni pambuyo. Azilamu awo aakazi ankanena, malemu akumva, kuti mlongo wawo akungodyetsa munthu pachabe. Kukacha malemu ankapita pakhonde paja kukasokera ana a anthu omwewo mayunifolomu.

Mu Meyi 2014 malemu ndi amuna awo anapita limodzi kuchipatala kukayezetsa. Atabwerako anatiuza kuti vuto lapezeka mwa malemu. Tonse tinakhulupirira, palibe anafunsa kuti tione mapepala.

Mu 2017 malemu anapezeka ndi zotupa m'chiberekero. Madokotala anachotsa zotupazo n'kusiya chiberekero, poti munthu anali akadali wamng'ono. Anapeza bwino kwa zaka zingapo. Mu 2022 zotupa zinameranso, zambiri kuposa poyamba, ndipo anayamba kutaya magazi mwezi ndi mwezi mpaka zikhatho kuyera. Makina opalasa aja anayamba kuwachititsa phuma. Adokotala anawauza mosabisa kuti tsopano chiberekero chichotsedwe, apo ayi moyo uli pangozi. Anawauzanso kuti ndi munthu wamkulu, atha kusaina okha. Malemu, mwa ulemu wawo uja, anati akayambe amva maganizo a akubanja.

Pa 6 Febuluwale 2023 tinakumana pabalaza panyumba pawo, anthu khumi ndi mmodzi, kukambirana za thupi la munthu mmodzi. Apongozi anati mkazi wochotsedwa chiberekero m'nyumba ya mwana wawo sakhalamo, chifukwa iwo akudikirabe mdzukulu. Azilamu awo aakazi aja anati akudziwa munthu wogulitsa mankhwala a m'mabotolo osungunula zotupa. Malemu anangoweramitsa mutu, akupinda ndi kupindulanso mpendero wa diresi lawo. Alamu athu anakhala pampando wapafupi ndi khomo, akuzunguza makiyi a galimoto pachala, osatulutsa liwu ndi limodzi lomwe. Nanenso sindidziyeretsa. Ndinati tidikire kaye pang'ono mwina zisintha, ndipo mawu amenewo akundiwawa mpaka lero.

Chaka chonse chotsatira malemu ankamwa mabotolowo, magazi osaleka. Kawiri konse adokotala anawaimbira foni kuwachonderera kuti abwere.

Pa 3 Juni chaka chino cha 2024 anagwa ali pamakina, ndipo eni sitolo ndi amene anathamangira nawo kuchipatala. Anawawonjezera magazi, koma mtima unali utatopa kale, moti opaleshoni sinathekenso. Pa 10 Juni masana malemu anandituma kuti ndikatenge envulopu imene inali pansi pa ulusi m'kabati ya makina awo. Munali zotsatira za mu 2014. Panthawiyo malemu analibe vuto lililonse. Amene anapezeka kuti sangathe kupereka mimba ndi alamu athu. Malemu anandifotokozera kuti tsiku limenelo amuna awo analira pabenchi la kuchipatala, ndipo iwo powamvera chisoni anati azinena kuti vuto ndi lawo, chifukwa mkazi kunyozedwa amapirira.

Anamfedwa, mundimvetse bwino. Kusabereka ndi matenda, si mlandu, kaya kwa mwamuna kaya kwa mkazi. Alamu sitikukunyozani chifukwa cha thupi lanu. Chatikwiyitsa n'chakuti munakhala pampando uja mukudziwa kuti mdzukulu amene amayi anu ankamudikira sadzabwera, chiberekero chikhalepo kapena chisakhalepo. Mukanangoti amayi, vuto ndi ine, msonkhano ukanathera pomwepo, ndipo mkazi wanu bwenzi lero ali pakhonde paja akusoka. Munaona zikhatho zikuyera, munachapa nawo nsalu za magazi, koma munasankha kusunga nkhope yanu. Apongozi, pepala la zotsatirazo ndili nalo m'thumbamu, mukafuna tidzakuwerengerani mwambo uno ukatha.

Malemu anatisiya pa 11 Juni nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 38. Asiya amuna awo, amayi athu otibereka amene akhala apowo, ife alongo awo awiri, akulu awo mmodzi ndi ang'ono awo mmodzi.

Tikuthokoza adokotala amene sanatope kuwachonderera, ndi anamwino amene anawasamala mpaka mapeto. Tikuthokoza eni sitolo ya zitsulo ndi atelala anzawo anayi amene anapereka magazi awo osafunsa kuti wolakwa ndani. Tikuthokoza amayi a mpingo, aneba, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatikhuza.

Mlongo wanga, pondipatsa envulopu ija munandipempha kuti ndiiwotche ndipo ndisauze munthu, kuti amuna anu asachite manyazi. Inu munasunga chinsinsichi zaka khumi, ine masiku atatu okha andikanika. Sindikanalola kuti mulowe m'manda anthu akukulozanibe chala. Mundikhululukire, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.