Bondo Limene Ndinagwadira Dokotala wa Kampani

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Pepani, mpweya ukundithera, kuima kutsogolo chonchi sindinazolowere. Ine ndine Rozina, make Marita, uyu wagona kumbuyoyu. Ambiri mumangondidziwa kuti ndine wotsimphina uja wa ku Namwera. Sindinabadwe wotsimphina ayi.

Nkhondo ya ku Mozambiki ndinaithawa ndi miyendo iwiri yabwinobwino, ndili ndi pakati. Bambo ake a mwanayu anatsalira m'njira, zimenezo sindikamba lero. Kuno ndinkagwira maganyu m'minda ya fodya. Ndinkatunga madzi, ndinkasenza nkhuni, ndinkadya thukuta langa.

Tsiku lina tili pamzere wolandira ufa, lole ya kampani ina yonyamula matumba inabwerera m'mbuyo osaimba hutala. Mwana ndinamuponyera kwa mnzanga, koma tayala linapeza bondo langa lamanja. Kuchipatala anamanga, n'kunena kuti popanda opaleshoni mwendowu sudzagwiranso ntchito. Ine opaleshoni ndikanaipeza kuti? Mwendo ukafa, Marita adya chiyani?

Mayi Banda, akazi a aphunzitsi, awo akhala apowo, ndiwo anandigwira dzanja kukadandaula. Eni lole anati, "Ayambe waonedwa ndi dokotala wathu." Wathu, abale. Womudyetsa iwo.

Anansi anandiopseza. "Iwe ndiwe wobwera. Ukakachita mwano kuboma akakulanda khadi la ufa, akakubweza kumalire." Ndinatsikabe ku Mangochi kukaonana ndi dokotalayo.

Dokotala wawoyo ndinamupeza akudya mtedza wokazinga, makoko akuuzirira pansi, mimba itatsamira tebulo. Ine mmene ndinaleredwera, munthu wamkulu sumupatsa moni uli chiimire. Ndinasiya ndodo pakhomo, ndinaluma mano, ndinagwada. M'maso munachita mdima.

"Eya, wagwada," anatero akulemba. "Mwanayo ukubereka wekha?"

"Inde, bwana."

"Basi."

Basi, abale. Sanandikhudze ngakhale ndi chala. Anasasa mchere m'manja n'kutuluka. Kudzuka kwanga sanakuone. Ndinakwawa mpaka pakhomo, Mayi Banda n'kundinyamula m'khwapa.

Nkhani isanapite kukhoti anatiitana kuti tikakambirane pamaso pa mkhalapakati, bambo ena a imvi amene ntchito yawo ndi kugwirizanitsa otsutsana. Panjira Mayi Banda anandiuza, "Make Marita, lero usagwadire munthu. Ukhale pampando, wamva?" Ndinavomera.

M'chipindamo munali loya wa kampani, suti yonyezimira, mafuta onunkhira mpaka kutsamwitsa. Dokotala uja analinso momwemo. Tinadikira titaima. Bambo a imvi aja atangolowa, mawu a anansi anandibwerera, thupi linachita lokha. Ndinangopezeka pansi.

Loya anaseka. "Mwaona nokha, bwana. N'zimene adokotala analemba, bondo lili bwino. Anthu awa tikuwanyamulira ufa, ndiye akufuna atidyerenso."

"Khalani pampando, mayi," anatero mkhalapakati.

Ndinayesa. Bondo linakana. Ndinayesanso, nditagwira mwendo wa tebulo, thukuta lili kamukamu, Marita akulira kumbuyo. Mayi Banda anasendera kuti andithandize, koma bambo aja anakweza dzanja.

"Tadikirani. Adokotala, tsiku lija mayiwa anadzuka bwanji?"

"Ndinali... ndinali nditatuluka."

"Ndiye adzutseni lero, mumalize ntchito yanu."

Abale ndi alongo, mimba ija inawerama. Wefuwefu. Dzanja lake linafika pabondo panga koyamba, bondo lotupa ngati dzungu, lotentha ngati mbaula. Ine ndinkamuyang'ana kumaso. Iye ankayang'ana nsapato zake. Loya uja anayamba kupisa m'matumba kufuna cholembera chimene chinali m'dzanja lake.

"Mwapeza chiyani?" anafunsa mkhalapakati.

"Pafunika opaleshoni." Kamawu kake ngati ka udzudzu.

Tsiku lomwelo anavomera kulipira chipatala ndi chipukutamisozi. Khadi langa palibe analitchula n'komwe.

Lero ndodo ndinataya. M'bondomu anaikamo chitsulo, silipindikanso, koma limandinyamula. Ndimalima kadimba, ndimagulitsa tomato pamsika wa Namwera, Marita wayamba kuyenda. Ndikuthokoza Mulungu amene anaona kudzuka kwanga tsiku limene dokotala anatuluka. Mayi Banda, Ambuye akudalitseni.

Choncho mukandiona ndikupemphera chiimire inu mutagwada, musanene kuti Rozina ndi wamwano. Mwini wake akulidziwa bondoli. Ndipo a masuti aja ndikakumana nawo, moni ndimawapatsa ndithu, koma ndili chiimire, maso ndi maso. Amen.