Tchati Yomaliza ya a Mapiri

Malemu amene tikuwaperekeza lero, omwe tonse tinkawatchula kuti a Mapiri, anabadwa mu 1961 kumudzi kwa amayi awo, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu. Atamaliza sekondale anakwatira mu 1986, chaka chomwecho n'kuyamba ntchito yosunga kaundula wa odwala pachipatala pathu.

Dzina la Mapiri tinawapatsa ndife, ndipo sitinawapatse mwaulemu. Mwezi ukatha ankawerenga odwala onse, n'kujambula mzere wokwera ndi kutsika papepala lalikulu, kenako n'kupaka pansi pa mzerewo ndi mapensulo amitundu: malungo kufiira, chifuwa kubiriwira pamwamba pake, matenda a m'mimba chikasu. Pakhoma pankaoneka mapiri osanjikizana. Tinkaseka kuti bambo wandevu zake akusewera ngati mwana. Chonsecho mapiriwo ndi amene ankatiuza mwezi woitanitsa mankhwala mvula isanagwe. Zikomo wathu sanamumvepo.

Kutchalitchi anali mlembi wa kwaya, ngakhale kuimba kunawakana.

Anayamba kudwala impso mu Januwale, ndipo anagona miyezi isanu ndi itatu. Dzanja silinaiwale ntchito yake. M'mawa uno mayi a kunyumba kwawo andipatsa pepala limene malemu ankajambula ali pabedi, losonyeza anthu odzawazonda sabata ndi sabata. Achibale ndi ofiira, okhuthala mpaka kumapeto. Akutchalitchi ndi obiriwira, amachepa koma saduka. Ife akuntchito ndife achikasu. Tinayamba ngati phiri, mwezi wachiwiri tinatsala kaulusi, wachitatu mbee.

Kuchokera kuofesi kukafika kwawo ndi mphindi khumi wapansi. Ine ndinakhala nawo tebulo limodzi zaka makumi awiri, koma ndinapondako kamodzi. Mbiri imene ndinalemba dzulo inkati tinali nawo limodzi mpaka tsiku lomaliza. Ndaing'amba, chifukwa manyazi andigwira, ndipo bodza pamaso pa bokosi ili sindingalithe. Mayi akuti pensulo yachikasuyo malemu ankaisongolabe Lolemba lililonse, kuti mwina sabata imeneyo tibwera.

Anatisiya Lachiwiri m'mawa. Asiya mkazi, ana aamuna awiri, mwana wamkazi mmodzi, zidzukulu zinayi ndi mchemwali wawo.

Atikhululukire ife anzawo, ndipo apumule mu mtendere.