Mwana wanga anadutsa pa Doha

Aulutsi, ine ndine mayi wa ku Dedza, ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Hilal kuno ku Doha. Mwana wanga woyamba ndinamusiya ali ndi zaka khumi ndi zisanu, akuthamanga m'mapiri a kwathu wopanda nsapato. Patatha zaka zitatu, nthawi ya korona, anasankhidwa kukapikisana ndi anyamata a mayiko ena pa mpikisano wothamanga m'tchire ndi m'matope.

Anandiimbira mtima uli m'mwamba. "Amayi, ndege yathu idzera ku Doha! Tikaima maola anayi."

Madamu amene ndimawagwirira ntchito anandipatsa ofu. Ndinakazinga mandasi, ndinamugulira masokosi, n'kukwera takisi. Pakhomo la bwalo la ndege mlonda anandiletsa. Anati chifukwa cha mliri wopanda tikiti salowa, ndipo ongodutsa satuluka. Ndinachonderera mpaka kugwada, iye n'kungoti, "Khalas, mama," kutanthauza kuti basi, nkhani yatha.

Ndinakhala pansi panja, dzuwa likuswa mtengo, n'kumuimbira mwana wanga pa vidiyo. Anali m'kati mwa nyumba ya pabwalo la ndege pomwepo. Ndinaona kuti wamera ndevu, mawu akenso anakula.

"Musalire, amayi," anatero. "Ingondidalitsani."

"Pita bwino, mwanawe. Ukagwa ukadzuke."

Sanapambane, koma anamaliza mpikisano, ndipo pobwerera ndege yawo inadzera kwina. Makolo amene muli pafupi ndi ana anu, akamathamanga muzikaima m'mbali mwa njira n'kumawachemerera. Ine wanga ndimangomuona pa foni, moti sindidziwa ngati mutu wanga ungafike paphewa lake.