Mmene ndinatulukira m'bokosi ku Balaka

Kalekale, nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani ndipo mkazi sankayerekeza n'komwe kuvala buluku, mtsikana amene anafika Fomu 4 m'mudzi mwathu monse, kufupi ndi Liwonde, ndinali ine ndekha. Ndikuyambira pamenepo, ana inu, chifukwa chiyambire dzulo mukungondikankhira foni kumaso kuti ndione msuweni wanga Ledisoni atanyamula mphoto ya mafilimu kunja uko, ngati kuti mukundidziwitsa mlendo. Munthu ameneyo ndinamuyambitsa ndine, ndipo zimene zinandionekera chifukwa cha iye mpaka lero sindinaziiwale.

Masiku amenewo Ledisoni ankanyamula zipangizo kwa anthu ojambula makanema a zaumoyo, aja ankayenda nawo pa galimoto m'midzi. Kolera atavuta kunyanja ya Chiuta, akuluakulu ake anamulola koyamba kuti alembe yekha nkhani ndi kuijambula. Anabwera kwathu fumbi lili mbuu kumapazi.

"Agi, ndikufuna mtsikana wodziwa kuwerenga, wokongola pang'ono."

"Pang'ono? Kafuneni kwina, achimwene a mwendo wa udzudzu inu."

"Chabwino, wokongola kwambiri. Koma ufa."

Nkhani yake inali ya mtsikana wamakani amene akana kuwiritsa madzi, adwala, namwalira. Ndinavomera. Tinajambulira kugombe la Chiuta, pakati pa matandala oyanikapo nsomba, ndipo kufa ndinafa bwino, musandifunse. Amayi ena ogulitsa matemba analira zenizeni. Kenako anandigoneka m'bokosi la matabwa atsopano, natseka, anyamata nalinyamula kupita nalo kumitengo. Mkatimo munkatentha ngati mu uvuni, koma ine osatsokomola ngakhale kamodzi. Amakono awa akangodzolana tomato kumaso ati achita sewero. Ife tinkalowa m'bokosi lenileni.

Tsono mudziwe kuti nthawi imeneyo ndinali pa chitomero ndi a Bonifasi, kalaliki wa ku siteshoni ya sitima ku Balaka, mnyamata wa malaya ositidwa, wolankhula motsitsa. Ndinkawakonda, iyayi, sindibisa. Ankhoswe anali atakumana kale ndipo chinkhoswe chinali choti chichitike akakolola. Koma paja tsoka silinunkha: galimoto ya kanema inakafika kumudzi kwawo ine ndisanawauze, ndipo mayi awo, a Nangondo, anakhala kutsogolo pa mphasa n'kundiona ndikutsikira m'bokosi. Akuti anakomoka. Atatsitsimuka anauzidwa kuti ndili moyo, koma m'malo mosangalala anatumiza mawu kwathu akuti, "Woyesa bokosi ali wamoyo ndi malodza. Pakhomo panga asaponde."

Mayi anga analira ngati maliro aja achitikadi. Ine ndinapita kwa Ledisoni n'kumugwira pa kolala.

"Wandiphera banja, galu iwe!"

"Taleka kung'amba malaya a boma. Anthuwo sadziwa kuti kanema ndi zithunzi chabe. Ndikawaonetsa mmene zimayendera, akaseka okha."

Tinapita ku Balaka masana dzuwa likuswa mtengo. Tinapempha kalasi ya pasukulu, tinatchinga mawindo ndi mabulangete, injini ikulira panja. Anthu anadzaza, a Nangondo ali kutsogolo atafunda chitenje kumutu, a Bonifasi pambali pawo, ndipo pampando wa aphunzitsi panakhala a tcheyamani a chipani a dera limenelo, amene nawonso Ledisoni anawajambula n'kuwaika kumayambiriro kwa kanemayo, akugawira anthu sopo ndi zidebe. Ine ndinakhala poonekera, nditavala diresi yanga yabuluu, kuti aliyense aone kuti ndikupuma.

Kanema anatha, bokosi lapita. Ledisoni anaimirira n'kunena kuti, "Amayi, taonani. Imfa yeniyeni sibwerera m'mbuyo, koma iyi ibwerera, chifukwa ndi yabodza." Atatero anakhotetsa kachitsulo ka pamakina, filimu n'kuyamba kuyenda chobwerera.

Ana inu, ndaona zambiri pa moyo wanga, Joni ndapitako, ndege ndakwerapo, koma zimene ndinaona pakhoma paja sindinazionenso. Anyamata aja anatuluka m'mitengo akuyenda chafutambuyo, bokosi lili pamapewa. Analitsitsa, misomali n'kumatuluka yokha kuthamangira m'manja mwa kalipentala. Chivundikiro chinatseguka, anandinyamula kundibweza pamphasa, ndipo maso anga, amene anali atatseka, anangoti tong'o! Mawu anga nawo ankatuluka chobwerera, chinenero choti si Chichewa, si Chiyao, si Chilomwe. Ine mwini wake ndinagwira pakamwa. Ndinadziopa ndekha.

Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Wadzuka!" Basi, mabenchi kugwa, ana kulira, bambo wina anatulukira pawindo atakulungika m'bulangete. A Nangondo sanathawe. Anangokhala chiwumire, akuyang'ana pakhoma, kenako ine, kenako pakhoma.

Ledisoni, m'malo mozimitsa, anatanganidwa ndi kukuwa kuti anthu akhale pansi, ndipo filimu inapitirira kubwerera mpaka inafika pa a tcheyamani. Apo tinaona akuluakulu aja akumwetulira, akulanda sopo m'manja mwa nkhalamba mmodzimmodzi n'kumabweza m'katoni, akutsomphola chidebe kwa mayi wa mwana kumsana. Mnyamata wina amene anatsala pakhomo anaphulika nako kuseka, n'kudzitseka pakamwa mochedwa. Inu simungamvetse, chifukwa lero mumatukwana nduna pa foni muli chigonere. Nthawi imeneyo kuseka kotero kunkasowetsa munthu.

A tcheyamani anaimirira pang'onopang'ono. "Mnyamata, wakutuma ndani kuti uonetse chipani chikuba?"

Ledisoni anagwada, anapepesa mpaka mawu anamuthera, koma ntchito inathera pomwepo, ndipo mwezi usanathe anali atawoloka malire anthu ena asanabwere kudzamufunsa bwino. Uko n'kumene anakaphunzira zonse zimene mukumuombera m'manjazi.

Koma ine ndinali ndidakali m'kalasi muja, ndi nkhani yanga. Ndinapita kwa a Nangondo, ndinagwada monga mwana woleredwa, n'kutambasula dzanja.

"Amayi, ndigwireni. Ndine wofunda."

Anabweza manja awo m'chitenje. "Poyamba ndimati wangoyesa bokosi. Lero ndaona ndi maso anga ukutulukamo. Mwana wanga adzagona bwanji?"

Ndinatembenukira kwa a Bonifasi, munthu wophunzira, woti tsiku ndi tsiku ankaona sitima ikubwerera m'mbuyo pa siteshoni popanda kuitcha mfiti.

"Nanga inu mukuti bwanji?"

Anayang'ana nsapato zawo zopolishidwa zija, nati, "Agnesi, mayi anena kale."

Pa zonse za tsiku limenelo, chimene chinandizizira kwambiri ndi chimenecho. Misomali yotuluka yokha ndinaimvetsa, koma mwamuna wa ndevu zake kulephera kunena kuti mkazi amene wagwada patsogolo pake ndi wamoyo, iyayi. Ndinadzuka, ndinasasa fumbi m'maondo, ndinakakwera galimoto ya kanema, kutsogolo, n'kulira njira yonse mpaka pa mlatho wa Liwonde.

Ndiye Ledisoni muombereni m'manja, ndi wathu, ndipo mutu ali nawo. Koma inu atsikana, amene mwayamba kubwera ndi anyamata pakhomo pano, musathamangire kuona kusita kwa malaya. Dekhani, mudikire tsiku limene anthu onse adzakuthawani, muone ngati iye adzatsegule pakamwa.